Mbiri ya Zithunzi Zoopsa

Mumzinda wa Madrid, likulu la dziko la Spain, muli nyumba yaikulu yosungiramo zithunzi za akatswiri akale yotchedwa Prado. M'nyumba imeneyi muli zithunzi zosawerengeka za mafumu ovala zonyezimira, za akazi okongola ndi za angelo a nkhope zowala. Koma muli chipinda china chimene alendo ambiri safuna kubwerera kwawo asanalowemo. M'chipindamo mudapachikidwa zithunzi 14 za utoto wakuda ndi wotuwa. Pa chimodzi mwa izo pali chimphona chotong'ola maso, tsitsi lili nyankhalala, chitagwira thupi la mwana wake ndi manja onse awiri. Chatha kale mutu ndi mkono umodzi, ndipo tsopano chikuluma mkono winawo. Anthu akafika pa chithunzichi amachita tsinya, ena amagwira pakamwa, komabe sachokapo msanga.

Khalidwe limeneli ndi lodabwitsa. Mwachibadwa munthu amathawa chinthu chimene chimamuopsa. Palibe amene amasankha kudzera kumanda usiku pamene njira ina ilipo, ndipo palibe amene akalota zoopsa amapempha kuti malotowo abwerenso mawa. Nanga n'chifukwa chiyani anthu amawoloka nyanja ndi kulipira ndalama kuti akaone mizukwa, ziwanda, zilombo ndi mafupa a akufa zojambulidwa pa nsalu kapena pa pepala? Funsoli si la lero. Zaka zoposa 2,300 zapitazo, Aristotle, munthu wanzeru wa ku Greece, adaona kale kuti anthu amakondwera ndi zithunzi za zinthu zimene sangapirire kuziona zenizeni, monga mitembo ndi nyama zonyansa. Mbiri ya luso limeneli ikusonyeza kuti wojambula sabweretsa mantha achilendo. Iye amangopereka nkhope kwa mantha amene anthu a nthawi yake ali nawo kale mumtima, ndipo chinthu chikakhala ndi nkhope munthu amatha kuchiyang'ana.

Ku Ulaya luso lojambula zoopsa lidakula kwambiri pambuyo pa mliri waukulu umene udagwa pakati pa 1347 ndi 1351. Nthendayi idafika pa chilumba cha Sicily ndi zombo za amalonda, ndipo m'zaka zochepa chabe idapha munthu mmodzi mwa atatu alionse, mwinanso kuposa pamenepo. Midzi ina idatha psiti, kotero kuti padalibe woika maliro. Anthu sadadziwe chimene chinkawapha, pakuti kachilombo koyambitsa nthendayi kadadzadziwika mu 1894. Mdani wosaoneka ndiye woopsa koposa, makamaka akamabwererabwerera monga unkachitira mliriwu. Tsono ojambula adayamba kuipatsa imfa miyendo ndi manja. Cha m'ma 1424, pa khoma la manda ena mumzinda wa Paris padajambulidwa gule wa imfa. Pa chithunzicho akufa adagwirana manja ndi amoyo, kuyambira papa ndi mfumu kufikira mlimi ndi mwana wakhanda, onse ali pa mzere umodzi wopita kumanda.

Mu 1538, mumzinda wa Lyon mudasindikizidwa kabuku ka zithunzi 41 za Hans Holbein, katswiri wa ku Germany. Pa masamba ambiri imfa ikudzatenga munthu ali pakati pa ntchito yake. Woweruza amene akulandira chiphuphu ikumulanda ndodo ya udindo. Mpondamatiki ikumutapira ndalama pa tebulo iye akuona. Mlimi ikumuthandiza kuthamangitsa akavalo okoka khasu. M'kanyumba ka amphawi ikukoka kamwana pa dzanja, mayi ake ali pa moto kuphika. Zithunzi zimenezi zidali zochititsa nthumanzi, komabe anthu wamba adazikonda chifukwa mudali chitonthozo. M'dziko limene wolemera ankapambana mlandu uliwonse, iwo adaona kuti lilipo bwalo limodzi limene silandira chiphuphu.

Katswiri amene ambiri amamutcha kholo la luso lojambula zilombo za m'maganizo ndi Hieronymus Bosch. Iye adabadwa cha m'ma 1450 mumzinda wa 's-Hertogenbosch, m'dziko limene lero ndi Netherlands, ndipo adamwalira mu 1516. Woona ntchito zake angaganize kuti mwiniwake adali wozungulira mutu, koma sizidali choncho. Bosch adali munthu wolemekezeka mumzinda wake, membala wa bungwe lina la mpingo, ndipo olemera ndi akalonga ankamutuma ntchito. Chithunzi chake chotchuka koposa, chimene chimadziwika kuti Munda wa Zokondweretsa za Dziko, adachijambula pa matabwa atatu olumikizana. Thabwa la kumanzere likuonetsa Adamu ndi Hava m'munda wa Edeni. La pakati ladzaza ndi anthu amaliseche amene akusewera ndi zipatso ndiponso mbalame zazikulu kuposa iwo eni. La kumanja ndi Gehena.

M'Gehena wa Bosch mzinda ukuyaka moto chapatali. Chilombo cha mutu wa mbalame chakhala pa mpando wautali, chikumeza anthu ndi kuwatulutsira m'dzenje. Makutu awiri aakulu, opanda mutu, apana mpeni pakati ndipo akupondereza khamu la anthu. Ena apachikidwa pa zingwe za zeze. Nkhumba yovala mpango wa asisitere ikupsompsona munthu. Chinsinsi cha luso la Bosch chagona pamenepa: iye sadapeke chinthu chimene munthu sadachionepo. Adatenga mpeni, khutu, mbalame, nkhumba ndi choyimbira, zinthu za tsiku ndi tsiku, n'kuzilumikiza mosayenera. Chilombo chimene chilibe pofanana ndi chinthu chodziwika sichiopsa kwenikweni. Chimene chimaimitsa tsitsi ndi chinthu chozolowereka chikaoneka pamene sichiyenera kukhala.

Cholinga cha zithunzi zotere chidali kuchenjeza ochimwa, koma anthu ankakhala nthawi yaitali pa thabwa la Gehena kuposa la Edeni. Mfumu Philip II ya ku Spain, imene idali yolimbikira kwambiri za chipembedzo, idasonkhanitsa ntchito zambiri za Bosch, ndipo mu 1593 chithunzi cha matabwa atatu chija chidaikidwa m'nyumba yake yachifumu ya Escorial. Ojambula ena adatsata mapazi a Bosch. Cha m'ma 1562 Pieter Bruegel adajambula gulu lankhondo la mafupa okhaokha likusesa dziko louma, ngolo yodzaza zibade ikudutsa, mfumu ili gone pafupi ndi migolo ya golide. Pa ngodya pali mnyamata ndi mtsikana akuyimba nyimbo, osadziwa kuti imfa yaima kumbuyo kwawo. Paja akuluakulu adati tsoka silinunkha.

Pofika zaka za m'ma 1700 zinthu zidasintha ku Ulaya. Sayansi idakula, ndipo ophunzira ambiri adayamba kunena kuti nzeru za munthu zidzathetsa zikhulupiriro za afiti ndi mizukwa. Munthu akadayembekeza kuti zithunzi zoopsa zitheratu, koma m'malo mwake zidangosamuka. Mantha adachoka ku Gehena n'kulowa m'mutu mwa munthu. Mu 1757 Edmund Burke, wa ku Ireland, adalemba buku lofotokoza kusiyana kwa chinthu chokongola ndi chinthu chochititsa kakasi. Iye adati choopsa chikakhala pafupi kwambiri chimangozunza, koma chikaonedwa chapatali, munthu ali pabwino, chimabweretsa chisangalalo cha mtundu wina. Mkango wobangula kuseri kwa nyumba ndi tsoka, koma mkango wobangula kutsidya kwa mtsinje wodzaza umachititsa anthu kuima ndi kumvetsera.

Maganizo amenewa adaoneka poyera mu 1782, pamene Henry Fuseli, mbadwa ya ku Switzerland yokhala ku England, adaonetsa mumzinda wa London chithunzi chotchedwa The Nightmare, kutanthauza loto loopsa. Pa chithunzicho mkazi wovala zoyera wagona chagada, mutu ndi manja zili lende m'mphepete mwa bedi. Pa chifuwa pake pakhala kachiwanda kofupika, kakuyang'ana woonera m'maso. Kuseri kwa nsalu yotchinga kwatuluka mutu wa kavalo wa maso oyera mbee. Palibe nkhani ya m'Baibulo kapena ya mbiri imene chithunzichi chikusimba. Chikungoonetsa zimene anthu ambiri adakumanapo nazo: kudzidzimuka usiku, thupi losatha kugwedezeka, chinthu cholemera chikupanikiza chifuwa. Anthu ena adaipidwa nacho, koma chidatchuka kotero kuti chaka chotsatira chidadindidwa pa mapepala n'kugulitsidwa kwa anthu ambiri. Lero chithunzichi chikusungidwa mumzinda wa Detroit ku America.

Palibe amene adalowa mumdima umenewu mozama kuposa Francisco Goya, mwini zithunzi 14 za m'chipinda cha ku Prado chija. Goya adabadwa mu 1746, ndipo adayamba ndi kujambula zinthu zosangalatsa: anthu akuvina, ana akusewera ndi mapwando a kumunda. Adakwera mpaka kukhala wojambula wamkulu wa banja lachifumu la Spain. Koma chakumapeto kwa 1792 adadwala nthenda yaikulu imene idamusiya wogontha moyo wake wonse. Kuyambira pamenepo maso ake adayamba kuona zina. Mu 1799 adatulutsa zithunzi zodinda 80 zodzudzula umbuli, dyera ndi zikhulupiriro za anthu a kwawo. Chodziwika koposa chikuonetsa munthu atagona tulo pa tebulo, akadzidzi ndi mileme zikumuzinga, kusonyeza kuti nzeru zikagona zilombo zimadzuka. Patangopita masiku ochepa Goya adazichotsa pa malonda, ndipo pambuyo pake adanena kuti ankaopa bwalo la mpingo lozenga milandu ya chikhulupiriro.

Mu 1808 asilikali a Napoleon adalowa m'dziko la Spain, ndipo nkhondo idakhalako mpaka 1814. Anthu adaphedwa mwankhanza mbali zonse ziwiri, ndipo mu 1811 ndi 1812 njala idapulula anthu zikwizikwi mumzinda wa Madrid. Goya adajambula zimenezi m'zithunzi 82 zosonyeza mitembo yopachikidwa m'mitengo, akazi omenyana ndi asilikali ndiponso ana ofa ndi njala. Sadayerekeze kuzisindikiza, kotero kuti zidatuluka mu 1863, iye atagona m'manda zaka 35. Nkhondo itatha, mfumu Ferdinand VII idabwerera pa mpando, idathetsa malamulo opatsa anthu ufulu, ndipo idayamba kuzunza onse oiganizira mosiyana. Dziko limene Goya adaliyembekezera kuti liwala ndi nzeru lidabwerera mumdima.

Mu 1819 Goya, ali nkhalamba ya zaka zoposa 70, wogontha ndiponso wofedwa mkazi, adagula nyumba kunja kwa mzinda wa Madrid. Pakati pa chaka chimenecho ndi 1823 adajambula zithunzi 14 zija pa makoma enieni a zipinda ziwiri za nyumbayo. Padalibe womutuma, padalibe womulipira, ndipo sadazipatse maina. Pa khoma lina afiti asonkhana mozungulira tonde wakuda. Pena amuna awiri akumenyana ndi zibonga kwaokha kuthengo, popanda woleretsa. Pena kagalu kakungooneka mutu wokha, kakuyang'ana m'mwamba mopanda thandizo. Chimphona chodya mwana chija amati ndi Saturn, mulungu wa m'nthano za Aroma amene ankadya ana ake poopa kuti angadzamulande ufumu. Ena amati Goya ankanena za dziko la Spain limene linkadya ana ake omwe, pomwe ena amati ankanena za nthawi imene imameza zonse zimene yabala. Mu 1824 iye adasamukira ku Bordeaux m'dziko la France, kumene adamwalira mu 1828. Kuyambira mu 1874 zithunzizo zidamatulidwa pa makoma n'kumatidwa pa nsalu, ndipo mu 1881 zidaperekedwa ku boma la Spain. Zimene nkhalambayo idajambulira maso ake okha ndizo lero zikukoka khamu.

Pamene zimenezi zinkachitika, chida chatsopano chidali chitabadwa. Mu 1839 dziko la France lidalengeza njira yojambulira zithunzi ndi kuwala imene adatulukira Louis Daguerre. Anthu adakhulupirira kuti kamera siinama, popeza imangotola chimene chili patsogolo pake. Koma chaka chimodzi chokha chitapita, bodza loyamba lidajambulidwa. Hippolyte Bayard, amene adatulukiranso njira yakeyake yojambulira, adakhumudwa poona kuti ulemu wonse wapita kwa Daguerre. Mu 1840 adadzijambula atatsamira, chifuwa chili pamtunda, maso ali tsinzini ngati mtembo wovuulidwa m'madzi, ndipo kumbuyo kwa chithunzicho adalemba kuti Bayard wadzimiza chifukwa cha kunyozedwa. Mwiniwakeyo adakhala ndi moyo mpaka 1887. Kuchokera pamenepo zidadziwika kuti kamera ingathenso kulota, ndipo loto lake ndi lamphamvu kuposa la utoto chifukwa woona amaliyesa loona.

Mphamvu imeneyi idagwera m'manja mwa anthu ochenjera. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1860, William Mumler wa mumzinda wa Boston ku America adayamba kugulitsa zithunzi zimene ankati zikuonetsa mizimu ya akufa. Munthu ankakhala pa mpando kuti ajambulidwe, ndipo chithunzi chikatsukidwa, kumbuyo kwake kunkaoneka nkhope yotuwa ngati utsi. Masiku amenewo zithunzi zinkajambulidwa pa magalasi opakidwa mankhwala, ndipo akatswiri ena adasonyeza kuti munthu akajambula kawiri pa galasi limodzi, kapena akasanjikiza magalasi awiri potsuka, nkhope yoyamba imaoneka mwachizimezime ngati mzukwa. Nthawi idamukomera Mumler. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, idapha anthu oposa 600,000, ndipo ambiri adaikidwa kutali ndi kwawo, abale awo osaona nkhope. Amayi ndi akazi amasiye ankalipira madola 10, ndalama zambiri panthawiyo, kuti aonenso wokondedwa wawo kamodzi kokha.

Chikayiko chidayamba pamene anthu ena adazindikira kuti ina mwa mizimuyo idali nkhope za anthu amoyo a mumzinda womwewo. Mumler adasamukira ku New York, kumene adaimbidwa mlandu wa chinyengo mu 1869. Mmodzi mwa mboni zomutsutsa adali P. T. Barnum, mwini zionetsero wotchuka, amene adabweretsa chithunzi chake chomwe chokhala ndi mzukwa wopanga dala, pofuna kusonyeza kuti ntchitoyo njosavuta. Komabe woweruza adamasula Mumler chifukwa panalibe umboni wokwanira wa njira imene iye ankagwiritsa ntchito. Patapita zaka zochepa, Mary Todd Lincoln, mkazi wamasiye wa pulezidenti Abraham Lincoln amene adaphedwa mu 1865, adapita kukajambulitsa kwa Mumler. Pa chithunzicho mwamuna wake akuoneka ataima kumbuyo, manja ali pa mapewa a mkazi wakeyo.

Zofanana ndi zimenezi zidachitikanso ku England itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. William Hope ankajambula ofedwa pamodzi ndi mizimu ya abale awo, ndipo ngakhale wofufuza wina, Harry Price, adaulula mu 1922 kuti Hope ankasinthanitsa magalasi mobisa, anthu ambiri adapitiriza kumukhulupirira. Mmodzi mwa omuikira kumbuyo adali mlembi wotchuka Arthur Conan Doyle, amene mwana wake adamwalira chakumapeto kwa nkhondoyo. Apa m'pamene pagona malire a luso ndi chinyengo. Bosch ndi Goya sadauze munthu kuti zilombo zawo adakumana nazo pa njira. Woona amadziwa kuti akuona chopeka, ndipo m'chopekamo amapezamo choonadi cha moyo wake. Wonyenga amatenga chopeka n'kuchigulitsa ngati umboni, ndipo amadyera pa misozi ya wofedwa.

Adalipo ojambula ndi kamera ena amene adasankha njira ya Goya, yopeka poyera. William Mortensen, amene adagwirapo ntchito ku Hollywood, adatchuka m'zaka za m'ma 1930 ndi zithunzi za afiti, ziwanda ndi anthu ozunzidwa. Iye ankaveka anthu zigoba ndi zovala zachilendo, kenaka n'kukonza chithunzicho ndi lumo, pensulo ndi mankhwala mpaka kuoneka ngati chojambulidwa pa manja. Akatswiri anzake, makamaka Ansel Adams amene ankajambula mapiri ndi nkhalango, adadana ndi ntchito yakeyo. Iwo ankati kamera iyenera kuonetsa dziko monga liliri. Maganizo awo ndiwo adapambana panthawiyo, ndipo dzina la Mortensen lidaiwalika kwa zaka zambiri. Koma lero ntchito zake zidafukulidwanso, ndipo njira yake yosakaniza choona ndi chopeka ndiyo yafala kwambiri.

Zaka za m'ma 1900 zidabala zoopsa zoposa zimene Bosch adalota. Otto Dix wa ku Germany adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mu 1924 adatulutsa zithunzi zodinda 50 za zimene adaona. Pa chimodzi asilikali ovala zotchinga kumaso poopa utsi wa poizoni akubwera ngati zilombo zopanda nkhope. Pa china chibade chili pa dothi, mphutsi zikutuluka m'maso ndi m'kamwa. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, Dix adachotsedwa ntchito ya uphunzitsi mumzinda wa Dresden, ndipo mu 1937 ntchito zake zidaikidwa pa chionetsero cha ku Munich chonyoza zithunzi zimene boma linkati nzoola. Olamulira amene ankakonzekera nkhondo ina sadafune kuti achinyamata aone nkhope yeniyeni ya nkhondo.

Ku South Africa, pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho, Dumile Feni adachita chimodzimodzi ndi makala. Mu 1967 adajambula chithunzi chachikulu chotchedwa African Guernica, potengera dzina la chithunzi chimene Pablo Picasso adajambula mu 1937 polira mzinda wophulitsidwa ndi mabomba. Pa chithunzi cha Feni pali anthu opindika matupi ndi ng'ombe, zonse zili piringupiringu ngati m'loto la munthu wodwala malungo. Anthu adamutcha Goya wa m'makomboni. Mu 1968 adachoka m'dziko lake, ndipo adamwalira ku New York mu 1991 asadabwerere kwawo. Kumene pakamwa patsekedwa ndi lamulo, chilombo chojambulidwa chimanena zimene munthu sangathe kunena.

Pakati pa ojambula a posachedwa, amene ambiri amamutchula akamakamba za luso limeneli ndi Zdzisław Beksiński wa ku Poland. Iye adabadwira ku Sanok mu 1929, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba ali ndi zaka 10. Adaphunzira za mapulani a nyumba ku Kraków, koma adayamba kutchuka m'zaka za m'ma 1950 monga wojambula ndi kamera, asadatembenukire ku utoto. Pa zithunzi zake pali matchalitchi aakulu omangidwa ngati ndi mafupa, zipululu zofiira, cholengedwa cha mutu wokulungidwa nsanza chikukwawa kuchoka mumzinda woyaka, ndiponso mitembo iwiri youma itakumbatirana. Monga Goya, sankapatsa zithunzi zake maina, ndipo ankakana kuzimasulira. Cholinga chake, monga ankanenera, chidali kujambula ngati akutola maloto ndi kamera. Omudziwa ankati adali munthu wofatsa ndi wanthabwala, wokonda kugwira ntchito akumvera nyimbo. Adaphedwa m'nyumba mwake ku Warsaw mu February 2005, ndipo ntchito zake zambiri zikusungidwa kwawo ku Sanok.

Luso limeneli lidatulukanso m'nyumba zosungiramo zithunzi n'kulowa m'misika. H. R. Giger wa ku Switzerland, amene ankavutika ndi maloto oopsa, ankajambula matupi a anthu olumikizana ndi mapaipi ndi zitsulo, ngati kuti makina ndi mnofu zamera pamodzi. Wokonza mafilimu Ridley Scott ataona ntchito zake adamupempha kuti apange chilombo cha filimu yotchedwa Alien ya mu 1979, ndipo mu 1980 Giger adalandira nawo mphotho ya Oscar. Anthu a m'nthawi ya mliri ankaopa nthenda, a m'nthawi ya Bosch ankaopa Gehena, koma a m'nthawi ya Giger ankaopa makina amene iwo eni adapanga. Kuyambira zaka za m'ma 1990 makompyuta adapeputsa ntchito yosakaniza zithunzi, ndipo zimene Mumler ankachita mobisa ndi magalasi lero mwana wasukulu angazichite pa foni.

Nzeru yopereka nkhope kwa zinthu zosaoneka si ya ku Ulaya kokha. M'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza muli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zina mwa zithunzizo, zojambulidwa ndi dothi loyera, ndi za zilombo za Nyau. Gule Wamkulu si nthano yopeka ayi, koma mwambo wa chikhulupiriro umene eni ake amaulemekeza, choncho sungafanizidwe kotheratu ndi ntchito za Bosch kapena Giger. Komabe aliyense amene adaonapo chilombo chikutulukira pa bwalo amadziwa zimene ana amachita. Amathawa akukuwa, koma akafika kuseri kwa nkhokwe amaima n'kusuzumira. Miyendo imafuna kuthawa pamene maso akufuna kuona, ndipo pakati pa ziwirizi m'pamene mwambo umalowa mumtima.

Kuchokera m'mbiri yonseyi, zifukwa zimene zithunzi zoopsa zimakokera anthu zikuoneka. Choyamba, zimalola munthu kulawa mantha ali pabwino, monga adanenera Burke, ndipo amatuluka akumva kuti wapirira. Chachiwiri, zimapereka thupi kwa zinthu zopanda thupi monga nthenda, chisoni, ukalamba ndi imfa, ndipo chimene chili ndi malire pa nsalu chimaoneka chochepa kuposa chimene chimangozungulira m'mutu usiku. Chachitatu, zimanena zoona zimene zithunzi zokongola zimabisa. Munthu wofedwa kapena wothawa nkhondo akaona mafumu omwetulira amaona ngati dziko silikudziwa za iye, koma akaona kagalu ka Goya amazindikira kuti wina adadutsapo m'njira yomweyo. Chachinayi, muli ukatswiri weniweni. Kuwala kofiira kwa Beksiński ndi tizilombo tosawerengeka ta Bosch zimafuna diso lodekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Izi sizitanthauza kuti chithunzi chilichonse cha magazi ndi zibade ndi luso. Zilipo zambiri zimene cholinga chake n'kudzidzimutsa chabe kuti zigulidwe, ndipo ziliponso zonyenga ngati za Mumler, zimene masiku ano zimafala mofulumira pa intaneti. Muyeso wabwino ndi kufunsa chimene chimatsala kudzidzimuka kukatha. Chithunzi chopanda pake chimaopsa kamodzi n'kuiwalika. Chithunzi cha katswiri chimasiya funso lokhudza moyo wa woonayo ndi wa anthu a nthawi yake: akuopa chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani sakuchitchula?

Nyumba imene Goya adajambula makoma ake idagwetsedwa kalekale, ndipo mfumu imene iye ankaiopa ikukumbukidwa ndi ophunzira mbiri okha. Koma chimphona chija chikadali chotong'ola maso m'chipinda cha ku Prado, ndipo tsiku lililonse anthu a zilankhulo zosiyanasiyana amaima patsogolo pake ali chete. Iwo sadaone nkhondo ya Napoleon, ndipo ambiri sadziwa nthano ya Saturn. Aliyense amabwera ndi mantha akeake, amawaona atajambulidwa pa nsalu, kenaka amatulukira panja pamene dzuwa likuwala.